KODI DZIKO LABWINO LIYESEDWA NDI MUYESO WOTANI?

M'midzi mwathu muli mtsutso wina umene sukalamba. Mnyamata akabwera kucokera ku Johannesburg, kumene ife timati ku Joni, anzace amzinga madzulo pamoto, nayang'ana nsapato zace ndi lamya yace ya m'manja, ndipo iye anena, "Kumene kuja ndiye kudziko, anzanga, kuno tingotaya masiku." Pamenepo mkuru wina wokhala pambali ayankha ndi mwambi, nati, "Kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka." Akangana kufikira moto wazirala, nabalalika yense ali ndi maganizo ace omwe aja.

Asamvana cifukwa sayesa ndi muyeso umodzi. Pamsika wogulitsa cimanga ndi wogula ayamba agwirizana za ndowa, ngati iri yathunthu kapena yophwanyika m'mbali, ndipo akatero anena za mtengo. Koma polinganiza maiko tiiwala nzeru imeneyi, ndipo wina awerenga magalimoto, wina awerenga abale. Tsono m'nkhani yino ndifuna tifunsane za ndowayo. Funsoli si lamasewera iai, pakuti cifukwa ca yankho lace ana athu aoloka malire, ena nafera m'njira. Ndipo ndi yankho lomwelo tiweruza otilamulira, ngati acita bwino kapena atinyenga.

1. Muyeso wa ndarama

Muyeso umene anthu ophunzira anayamba kuukonda ndi uwu. Aphatikiza mtengo wa zonse zimene dziko lapanga m'caka cimodzi, zolima, zokumba, zosula ndi nchito zina zonse, nagawa ciwerengeroco pa anthu onse a m'dzikomo. Gawo la munthu mmodzi likaturuka lalikuru, dzikolo alicha lolemera. Muyeso uwu si wabodza, koma uli ndi diso limodzi. Taganizani mudzi wa mabanja 10, m'mene mwini mudzi ali ndi ng'ombe 100, ndipo ena onse alibe ngakhale mbuzi. Mlembi akafika, nagawa, alemba kuti banja liri lonse liri ndi ng'ombe 10. Pa pepala mulibe wosauka m'mudzimo, koma mwana wa mai wamasiye sanalawepo mkaka.

Mnyamata wathu uja akadanena zonse, akadatiuza za Sandton ndi Alexandra, malo awiri a mu Johannesburg amene alekanitsidwa ndi mseu waukuru. Tsidya lina kuli nyumba zazitari zagalasi, tsidya lina mabanja apanikizana m'tinyumba ta malata. M'caka ca 2022 a World Bank analemba kuti pa maiko 164 amene anawayesa, South Africa ndilo linaposa onse pa kusiyana kwa olemera ndi osauka. Cotero mnyamatayo sananame pakunena kuti kuli cuma; anangoleka kunena kuti ciri m'manja mwa yani.

Poona cirema cimeneci, m'caka ca 1990 Mahbub ul Haq wa ku Pakistan, pothandizana ndi Amartya Sen wa ku India ndi anzao ena, anakonzera bungwe la United Nations muyeso wina wokhala pa mafuwa atatu: zaka zimene mwana wobadwa kumene ayembekezeka kukhala ndi moyo, maphunziro a anthu, ndi ndarama zao. Ganizo lao linali lakuti ndarama ziri ngati khasu. Khasu ndi cinthu cofunika, ndipo wopanda khasu abvutika. Koma munthu sadya khasu, ndipo mlimi ayesedwa ndi za m'nkhokwe mwace.

2. Maiko atatu amene anapeza cuma pansi

Kuti tione bwino, tiyeni titenge maiko atatu amene analandira mwai wofanana, ndiwo cuma cobisika pansi cimene sanacibzale okha.

Loyamba ndi Norway, dziko lozizira la kumpoto kwa Ulaya, la anthu oposa pang'ono mamiliyoni 5. Kumapeto kwa 1969 kunapezeka mafuta pansi pa nyanja yao, pamalo ochedwa Ekofisk. Akuru a dzikolo anadziwa kuti citsime ca mafuta cidzaphwa tsiku lina, ndi kuti zidzukulu zao nazo ziri ndi gawo pa mafutawo. Cifukwa cace mu 1990 nyumba yao ya malamulo inakhazika nkhokwe ya dziko lonse, ndipo ndarama zoyamba zinalowamo mu 1996. Ndaramazo agulira magawo a makampani a m'maiko ena ndi zina zobala phindu. Mu 2001 anapangana kuti, poyesa zaka zingapo pamodzi, boma lisatape koposa magawo 4 pa 100 pa caka, ndipo mu 2017 anatsitsa malirewo kufika magawo 3. Ndiko kunena kuti adya mazira, nkhuku naisunga. M'caka comweco ca 2017 za m'nkhokwemo zinapitirira madola 1 thiriliyoni, ndiwo mamiliyoni owerengedwa kokwana miliyoni, ndipo zikadagawidwa munthu ali yense akadalandira pafupi-fupi madola 190,000. Cina codabwitsa nci: kumeneko nzika iri yonse ikhoza kuona m'kaundula wa msonkho zimene mnzace, ngakhale nduna ya boma, anapata ndi zimene anakhoma.

Laciwiri ndi Equatorial Guinea, kadziko ka kugombe la kumadzulo kwa Africa, ka anthu osafika mamiliyoni 2. Mu 1995 kunapezeka mafuta ambiri m'nyanja yao, ndipo pofika 2008 gawo la munthu mmodzi, pa pepala paja, linaposa la maiko ena onse a kumwera kwa cipululu ca Sahara. Koma mwini mudzi wa ng'ombe 100 uja analipo. Teodoro Obiang Nguema analanda boma mu 1979, nakhalabe pampando zaka zoposa 40. Mu 2017 bwalo la mirandu la ku Paris linapeza mwana wace wolakwa pa mlandu wa kudya cuma ca dziko, ndipo mu 2019 ku Switzerland anagulitsa poyera magalimoto 25 a mtengo wapatali amene anamlanda. M'caka comweco ca 2019, pa ana 1,000 obadwa amoyo m'dzikomo, pafupi-fupi 80 anali kufa asanakwane zaka 5.

Wina adzati, "Inde, pakuti lina nla azungu, lina nla anthu akuda." Ameneyo amve za dziko lacitatu, la Botswana. Pamene linalandira ufulu mu 1966 linali limodzi la maiko osaukitsitsa a pansi pano, lacilala, lokhala ndi mseu wa tara wosakwana ulendo wa maora atatu wa pansi. Mu 1967 miyala ya daimondi inapezeka ku Orapa, m'dera la pfuko la Bangwato, ndilo pfuko la mtsogoleri wao Seretse Khama. Iye akadafuna, akadati cumaco nca pfuko lace. Koma anakopa mafumu kuti cuma conse ca pansi pa nthaka cikhale ca dziko lonse, ndipo lamulo lotero linakhazikika m'caka comweco. Ndarama za miyalayo zinamanga miseu, sukulu, zipatala ndi zitsime. Ndipo pamene matenda a Edzi anasakaza dzikolo, mu 2002 boma lao linayamba kugawira odwala mankhwala otalikitsa moyo kwaulere, maiko ambiri a mu Africa asanayambe. Botswana sanathe mabvuto ace onse, pakuti anyamata ambiri asowa nchito, ndipo malonda a daimondi atagwa mu 2024 boma linasauka ndarama. Komabe mwana wa m'busa wa ng'ombe analawako cuma cija.

Taonani tsono: mwai unali umodzi, zotsatira zitatu. Cimene cinasiyanitsa maikowa si nthaka kapena khungu, koma malamulo amene anaika pa cumaco, ndi kuti kodi wosunga nkhokwe analola kuti anzace asuzumiremo.

3. Maiko awiri ndi odwala ao

Tiyeni tsopano tilowe m'cipatala, pakuti pamenepo mpamene mtima wa dziko uonekera. Dziko la United States, limene timati America, liri ndi cuma coposa maiko onse, madotolo a luso lodabwitsa, ndipo mankhwala ambiri amene ife timwa anatulukira kumeneko. Mu 2019 dzikolo linataya madola oposa 10,000 pa munthu ali yense pa nkhani ya matenda. Koma kumeneko anthu ambiri acizidwa mwa cipangano ca inshuwalansi, cimene kawiri-kawiri cidza ndi nchito ya munthu, ndipo nchito ikatha cingathenso. M'caka cimeneco anthu oposa mamiliyoni 25 analibe cipangano cotero. Munthu wotere akadwala azengereza kupita kwa dotolo poopa ngongole, nafika nthenda itakula.

Kumwera kwace, pa kamtunda kopapatiza kolumikiza America wa kumpoto ndi wa kumwera, kuli dziko laling'ono la Costa Rica, la anthu ngati mamiliyoni 5, olima khofi, nthoci ndi zinanazi. Mu 1941 anakhazika thumba limodzi la dziko lothandiza odwala, limene anchito, olemba anchito ndi boma aponyamo. Mu 1948 anamenyana nkhondo ya paciweni-weni masiku 44. Ndipo itatha, wopambanayo, José Figueres, anacita cinthu cimene opambana sacita kawiri-kawiri. Pa 1 December anathetsa gulu la nkhondo la dzikolo, nagumula ndi nyundo khoma la linga la asilikari mu mzinda wa San José, lingalo nalisandutsa nyumba yosungiramo zinthu zakale. Malamulo ao akuru a 1949 analetsa kukhala ndi gulu la nkhondo lokhazikika, ndipo ndarama zimene zikadagula mfuti zinapeza njira ya ku sukulu ndi ku zipatala. Kuyambira 1995 anagawa dziko m'timagawo ta anthu zikwi zowerengeka, kagawo kali konse ndi dotolo wace, namwino wace, ndi mlangizi woyenda khomo ndi khomo, amene ayesa kuthamanga kwa mwazi wa nkhalamba, nabaya ana katemera, nayang'ana madzi akumwa. Iwo sayembekeza kuti wodwala adze. Apita kukamfuna asanagone pamphasa.

Mu 2019 Costa Rica anataya pafupi-fupi madola 1,000 okha pa munthu pa nkhani ya matenda, ndilo limodzi la magawo khumi a zimene America anataya. Koma mwana wobadwa ku Costa Rica m'caka cimeneco anayembekezeka kukhala zaka ngati 80, pamene wobadwa ku America zaka zosakwana 79. Wosauka anaposa wolemera pa cinthu cimene anthu onse acifuna koposa, ndico masiku a moyo.

4. Macenjezo anai

Pano ndiyenera kudziletsa, pakuti nkhani zotere zikoma m'khutu, ndipo munthu angathe kuthamanga nazo nagwa.

Coyamba, palibe dziko lopanda cironda. Ku Costa Rica odwala ofuna opareshoni ayembekeza miyezi yambiri pamzere, ndipo mu 2023 anthu oposa 900 anaphedwa m'ciwembu, ambiri cifukwa ca malonda a mankhwala ozunguza bongo. Mlendo aona bwalo losesedwa. Kuseri kwa nyumba adziwako ndi mwini.

Caciwiri, zabwino zonse ziri ndi mtengo wace. Walira mvula walira matope. Munthu wa ku Norway akagula katundu wambiri m'sitolo akhomerapo msonkho wa magawo 25 pa 100, ndipo malipiro ace adulidwanso kwambiri. Wokhumba cipatala ca kumeneko, koma nazemba msonkho wa pamsika wa kwao, afuna kukolola pamene sanalime.

Cacitatu, ziripo zinthu zimene ziwerengero sizigwira. Mu 2018 boma la Britain linaika nduna yoyang'anira bvuto la kusungulumwa, ndipo Japan anacita comweco mu 2021, pakuti m'maiko olemerawo muli nkhalamba zimene zitha masiku ambiri osalankhula ndi munthu. Mkuru wa mwambi uja sanalakwe konse. Kukhala ndi anthu okuzonda podwala ndi okulira pa maliro ndi cuma ndithu, ngakhale mlembi sacilemba. Koma tisabisale kuseri kwa mau amenewa. Pakuti kulira maliro bwino sikulowa m'malo mwa mankhwala amene akadaletsa malirowo.

Cacinai, mbeu ya kwina ifuna munda wokonzeka. Ku Malawi kuno mu 1994 boma linacotsa fizi ya sukulu za pulaimale, ndipo m'caka cimodzi ana a sukulu anacuruka kucokera pafupi-fupi mamiliyoni 2 kufika pafupi-fupi mamiliyoni 3. Linali lamulo lacifundo, ndipo ambiri amene awerenga pepala lino analowa pa khomo limenelo. Koma zipinda ndi aphunzitsi sizinakwane. Analemba aphunzitsi zikwi zambiri osaphunzira nchitoyo mokwanira, ana nakhala pansi pa mitengo, ndipo ambiri anaturuka osadziwa kuwerenga bwino. Lamulo labwino liri ngati denga: lifuna mizati.

Koma pali cina cimene tiyenera kucidziwa, kuti tingadziyese opanda pace. Mu 1990, pa ana 1,000 obadwa amoyo m'Malawi, oposa 200 anali kufa asanakwane zaka 5. Pofika 2019 ciwerengeroco cinatsika kufika pansi pa 50, ndiko kuti mwana wa m'Malawi wosauka anali ndi mwai wa moyo woposa mwana wa ku Equatorial Guinea wa mafuta. Zinacitika ndi zinthu zooneka zazing'ono: katemera, masikito otchinga udzudzu, sikelo ya ana, ndi alangizi a zaumoyo oyenda pa njinga m'midzi. Zoona, ndarama zambiri za nchitoyi zinacokera kwa abwenzi akunja, ndipo tisadzitame koposa muyeso. Koma amai amene anabereka ana kumsana ulendo wa maora awiri kupita ku sikelo ndi athu omwe.

5. Muyeso wace weni-weni

Nanga tsono tiyese ndi ciani? Mu 1971 munthu wina wanzeru wa ku America, John Rawls, anaphunzitsa njira imene ndiiyesa yolungama. Anati munthu aganize ngati sanabadwe, ndipo apatsidwa kusankha malamulo a dziko limene adzabadwiramo, koma osadziwa ngati adzakhala mwana wa nduna kapena wa mlonda, mwamuna kapena mkazi, wamphamvu kapena wopunduka. Munthu wotere sadzafunsa kutalika kwa nyumba ya mfumu. Adzafunsa za munthu wotsiriza wa m'dzikomo, pakuti kapena adzakhala iyeyo. Nzeru imeneyi si yacilendo kwa ife. Ana awiri akapatsidwa cinangwa cimodzi, mai wanzeru auza wina kuti adule, ndi mnzace kuti ayambe kusankha. Pamenepo mpeni uyenda pakati peni-peni.

Palibe mmodzi wa ife anasankha mimba yombala. Wobadwira ku Oslo sanagwire nchito kuti abadwire kumeneko, ndipo wobadwira ku Alexandra sanalakwe kanthu. Cifukwa cace dziko limene lisiya mwana afe pa cifukwa ca umphawi wa atate wace lilanga wosacimwa, ngakhale likhale ndi golidi wodzaza nyumba. Ndipo dziko limene liti mwana wa mnzako ngwako yemwe, nililemba mauwo m'malamulo ndi m'kagawidwe ka msonkho, layamba kukhala labwino lisanalemere.

Cotero pomva mbiri ya dziko liri lonse, lathu kapena la eni, tifunse mafunso atatu. Mwana wa munthu wosaukitsitsa akatentha thupi usiku, cicitika nciani? Mwana yemweyo akakhala wanzeru, angafike pati ndi sukulu? Ndipo wosunga cuma ca onse akaba, alipo womfunsa, wofunsayo nagona m'nyumba mwace mwamtendere? Dziko loyankha bwino mafunso awa ndilo labwino. Ndarama zithandiza kuwayankha, ndipo wonena kuti umphawi ulibe kanthu sanagonepo ndi njala. Koma taona kuti ena anayankha bwino ndi zocepa, ena nalephera ali ndi zambiri.

Kulinganiza maiko kuli ndi njira ziwiri. Yina ibala kaduka ndi ulesi, munthu nati, "Kuno sikudzakoma," nagulitsa mbuzi za amace kuti apeze ya basi. Yina ibala mafunso. Mlimi wanzeru akaona cimanga ca mnansi wace cabiriwira, sasamukira m'munda mwa mnansiyo, ndiponso sanena kuti ncamankhwala. Apita kukafunsa kuti anabzala liti, nathira ciani. Sindiweruza iwo amene apita kunja kukafuna nchito, pakuti ambiri a ife tabvala ndi kuphunzira ndi thukuta lao. Koma ndipempha kuti pobwera asatitengere nsapato zokha. Atiuzenso za malamulo a kumeneko, abwino ndi oipa omwe.

Ndipo ife otsala, mafunso atatu aja tiyambe nao pafupi. Nkhokwe ya ku Norway ndi thumba la komiti ya mjigo wa m'mudzi mwanu zisiyana kukula kokha. Funso lace ndi limodzi, lakuti kodi buku la ndarama liwerengedwa poyera, kapena likhala pansi pa mtsamiro wa msungi. Mankhwala akasowa pa cipatala canu, funsani kumene apita. Wofuna mavoti akadza ndi nsaru ndi sopo, mlandireni mwaulemu, mumpatse mpando, ndipo mumfunse za sikelo, za aphunzitsi ndi za buku lija. Seretse Khama ndi José Figueres anali anthu a mwazi ndi mnofu monga ife, ndipo maiko ao anali osauka pa tsiku limene anasankha.

Tsono mnyamata uja akadzanenanso pamoto kuti, "Kumene kuja ndiye kudziko," musamtsutse ndi mwambi wokha, ndiponso musamgwadire. Mufunseni mofatsa kuti, "Mwana wanga, pamene unadwala kumeneko, anakusamala ndani? Nanga mwana wa mai amene anali kusesa pa nchito pako aphunzira sukulu yotani?" Akayankha, nonse awiri mudzakhala mwayamba kuyesa ndi ndowa imodzi.